Kuchokera Pavoti Kufika Pampando: Mbiri ya Mawu a Chisankho Poyang'ana Boma la Mulanje

Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu a Bwalo Lalikulu, atakhala ku Lilongwe monga bwalo lotanthauzira malamulo oyendetsera dziko, anafafaniza chisankho cha Pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019. Anthu ochuluka amakumbukira mlanduwo chifukwa cha utoto wofufutira zolemba, uja wotchedwa Tippex, umene unapezeka pamapepala a zotsatira. Koma chigamulocho chinali ndi mbali ina imene iyenera kukhudza alembi, akonzi ndi aphunzitsi koposa ena onse. Oweruzawo anagamulanso za tanthauzo la liwu limodzi la Chingerezi, lakuti majority, limene lili m'gawo 80 la malamulo oyendetsera dziko. Kwa zaka pafupifupi 20 liwulo linkamveka mwanjira ina, ndipo kuyambira tsikulo linayamba kumveka mwanjira inanso. M'Chichewa matanthauzo onse awiri akhala akumasuliridwa ndi liwu limodzi lakuti "ambiri", kotero kuti wowerenga nyuzi ya Chichewa sakanatha kuona msanga pamene panagona mkangano.

Vuto lotere si la liwu limodzi lokha ayi. Mawu a chisankho analowa m'chiyankhulochi pang'onopang'ono, ena obwereka, ena akale opatsidwa ntchito yatsopano, ndipo lililonse linadza litasenza katundu wa nyengo yake. Boma la Mulanje, limene atsamunda ankalilemba kuti Mlanje, ndi malo abwino oonerapo mbiriyi. Kumeneko kuli minda ya tiyi imene antchito ake ambiri analibe mwayi wovota pachisankho choyamba. Kumeneko kunachokera andale amene mipando yawo inautsa milandu. Ndipo kutsidya kwa malire, ku Milange m'dziko la Mozambique, abale a anthu omwewo amasandutsa mavoti kukhala mipando mwanjira yosiyana kotheratu.

Kusankha ndi phungu

Liwu loyamba kusokoneza ndi mneni wakuti "kusankha". Munthu amasankha mbewu, mfumu imasankha nduna zake, anthu amasankha phungu, Pulezidenti amasankha kazembe. Mneni ndi mmodzi, koma ntchito zake pandale n'zosiyana kwambiri, ndipo mbiri ya dziko lino yagona pakusiyanako. Khonsolo yopanga malamulo inakhazikitsidwa ku Zomba m'chaka cha 1907 popanda Mwafirika ndi mmodzi yemwe. Zofuna za anthu akuda ankazinenera ndi mmishonale. M'chaka cha 1949 Aafirika awiri, E. K. Mposa ndi E. A. Muwamba, analowa m'khonsoloyo, koma anawaika ndi Bwanamkubwa. M'chaka cha 1956 Aafirika asanu, kuphatikizapo Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, analowamo atavoteredwa, koma owavotera anali mamembala a makhonsolo a zigawo, osati anthu wamba. Mlembi akangonena kuti onsewa "anasankhidwa", wabisa masitepe atatu a mbiri m'liwu limodzi. N'koyenera kulemba kuti a 1949 "anaikidwa", a 1956 "anavoteredwa ndi makhonsolo", ndi kusunga mawu akuti "kusankhidwa ndi anthu" kufikira pamene anthuwo anaponyadi voti.

Liwu lakuti "phungu" si lobwereka. Kalekale phungu anali munthu wamkulu wolangiza: woyang'anira namwali pachinamwali, kapena amene ena ankapita kwa iye kukafunsa nzeru. Amene analipatsa ntchito yatsopanoyi anasankha bwino ndithu, pakuti liwuli lili ndi ulemu. Komabe m'kati mwake mulibe ganizo la kuimira ena. Phungu wachikale ankayang'ana kwa namwali wake ndi kumusamalira. Phungu wa Nyumba ya Malamulo amayenera kuyang'ana kwa boma m'malo mwa anthu amene anamutuma. Kapena n'chifukwa chake kufikira lero anthu ambiri kumudzi amayesa phungu ndi muyeso wa mabokosi amaliro amene wagula ndi odwala amene wawanyamula pagalimoto yake, osati ndi malamulo amene wathandiza kupanga. Nalonso liwu lakuti "mpando" linachokera kuufumu, kumene wokhala pampando sachokapo kufikira imfa.

Chisankho choyamba chimene anthu wamba anaponyapo voti chinachitika pa 15 Ogasiti 1961, potsatira msonkhano wa ku Lancaster House ku London wa 1960. Panali mipando 28 yovoteredwa, koma ovota anagawidwa m'makaundula awiri. Kaundula wapansi, wa anthu oposa 100,000, anali ndi mipando 20. Kaundula wapamwamba, wa anthu ongopitirira 4,000, ambiri mwa iwo Azungu ndi Amwenye, anali ndi mipando 8. Mwanjira imeneyi mpando umodzi wapansi unkaimira ovota oposa 5,000 pamene wapamwamba unkaimira ovota ongopitirira 500. Ngakhale kulowa m'kaundula wapansiyo sikunali kwa aliyense. Munthu ankayenera kudziwa kulemba ndi kuwerenga, kuonjezera apo akhale ndi chuma kapena malipiro ofika pamlingo woikika, kapena akhale atakhoma msonkho kwa zaka khumi. Ena ankalowamo chifukwa cha udindo, monga mafumu ndi asilikali akale. Wothyola tiyi m'minda ya ku Mulanje, amene malipiro ake anali ochepa ndipo sukulu sanapite nayo patali, kawirikawiri ankatsala kunja, ndipo amayi ndiwo anatsala ochuluka zedi. Kalembera wa 1966 anapeza anthu oposa 4 miliyoni m'dziko lino. Apa m'pamene pamaonekera kuchepa kwa ovota a 1961. Malawi Congress Party inatenga mipando yonse 20 yapansi ndi iwiri yapamwamba, United Federal Party inapeza isanu, ndipo umodzi unapita kwa Colin Cameron, woima payekha amene ankagwirizana ndi Kongeresi. Wophunzitsa mbiri imeneyi ayenera kusiyanitsa "kalembera", amene ndi ntchito yolemba anthu mayina, ndi "kaundula", amene ndi buku lotuluka m'ntchitoyo. Mawu awiriwa amasinthanitsidwa kawirikawiri m'nyuzi, ndipo sayenera kutero.

Zaka zotsatira zinalitsitsa mtengo liwu lakuti chisankho. M'chaka cha 1964 ufulu wovota unafika kwa akulu onse, koma palibe amene anaponya voti, chifukwa onse opikisana anadutsa popanda wolimbana nawo. M'chaka cha 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, ndipo pazisankho za 1971 ndi 1976 mabokosi sanagwirenso ntchito. Kuyambira 1978 anthu anayamba kuvota posankha pakati pa anthu awiri kapena angapo a chipani chomwecho, amene mayina awo ankayamba avomerezedwa ndi Dr. H. Kamuzu Banda, Pulezidenti analinso ndi mphamvu yoika aphungu ena mwa iye yekha. Ofuna kuima ankayenera kuonetsa kuti amadziwa Chingerezi. Lamulo limeneli silinafe ndi ulamuliro wa chipani chimodzi: gawo 51 la malamulo a 1994 limafunabe kuti phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pazokambirana za Nyumba. Motero phungu amapempha voti m'Chichewa kapena m'Chilomwe pamsika wa Limbuli, nakagwira ntchito yake m'Chingerezi, ndipo mawu amene amamanga mpando wake amalembedwa m'chiyankhulo chimene ambiri mwa omuvotera sawerenga.

Chaka cha 1993 chinadza ndi mawu obwereka ochuluka nthawi imodzi: riferendamu, matipate, demokalase, kampeni. Pariferendamu ya pa 14 Juni chizindikiro cha zipani zambiri chinali nyali, cha chipani chimodzi chinali tambala wakuda. Mkangano waukulu usanafike tsikulo unali wa bokosi. Boma linkafuna mabokosi awiri, lina la nyali lina la tambala. Otsutsa anakana, ponena kuti aliyense adzaona kumene munthu walowera ndipo chinsinsi cha voti chidzatha. Pomaliza panakhala bokosi limodzi loponyamo voti. Anthu oposa 63 pa 100 aliwonse anasankha nyali, ndipo m'chigawo cha kumwera anaposa 80. Riferendamu siibala mpando, imayankha funso. N'chifukwa chake liwu lobwerekali n'lofunika kulisunga, pakuti kungoti "chisankho cha 1993" kumachititsa ana asukulu kuganiza kuti chaka chimenecho kunasankhidwa anthu.

Dera ndi kulemera kwa voti

Voti siisanduka mpando mlengalenga. Imasanduka mpando m'dera. Apa Chichewa chili ndi mawu atatu oyandikana amene ayenera kukhala m'makola osiyana. "Chigawo" ndi chimodzi mwa zitatu zija, kumpoto, pakati ndi kumwera. "Boma" ndi monga Mulanje, ngakhale liwu lomweli limatanthauzanso olamulira dziko ndiponso malo pamene pali ofesi ya bwanamkubwa, kotero kuti chiganizo chakuti "boma lapambana ku boma" n'chotheka ndithu. "Dera" ndi malo amene amatumiza phungu mmodzi, ndipo popeza mfumu nayonso ili ndi dera lake, polemba ndi bwino kunena kuti "dera la phungu". Kadera ka khansala katenga kale dzina lobwereka lakuti wodi, ndipo palibe chifukwa cholimbana nalo.

Pachisankho cha 1994 madera a aphungu anali 177, ndipo nthawi imeneyo Phalombe anali mbali ya Mulanje. Phalombe atakhala boma palokha m'chaka cha 1998, ndipo madera a dziko lonse atakwera kufika pa 193 pachisankho cha 1999, Mulanje anakhala ndi madera 9, Phalombe 5. Chiwerengero cha 193 chinakhala chomwecho kufikira chisankho cha 2019. Cha 2025 chinachitika m'madera 229. Mwa madera asanu ndi anayi a Mulanje a nyengo imeneyo, atatu anali ndi mayina awoawo: Bale, Limbuli ndi Pasani. Enawo ankatchulidwa ndi mbali za dziko: pakati, kumpoto, kumwera, kumadzulo, kumwera chakum'mawa ndi kumwera chakumadzulo. Owulutsa mawu pawailesi amakonda kunena kuti kuvuma ndi kuzambwe m'malo mwa kum'mawa ndi kumadzulo. Onsewo ndi mawu abwino, koma mkonzi asasakanize m'nkhani imodzi. Ndipo aliyense amene anayesapo kulemba mutu wankhani wa "phungu wa dera la kumwera chakumadzulo m'boma la Mulanje" adziwa ubwino wa dzina lalifupi ngati Limbuli.

Gawo 76 la malamulo limati madera akhale ndi ovota ofanana chiwerengero momwe kungathekere, poganiziranso kuthithikana kwa anthu, mayendedwe, mapiri ndi mitsinje, ndi malire a maboma. Mawu akuti "momwe kungathekere" ndi otambasuka. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje, kutanthauza anthu pafupifupi 76,000 paphungu aliyense. Boma la Likoma, la anthu osafika 15,000, linali ndi phungu wake mmodzi. Pali zifukwa zomveka zoti zilumba zikhale ndi woziyankhulira. Komabe zotsatira zake n'zakuti pachisankho cha 2019 voti ya ku Likoma inkalemera kasanu kuposa ya ku Mulanje posankha aphungu. Mwambi wandale wakuti munthu mmodzi voti imodzi umanena za kuwerenga. Sunena za kulemera.

M'dera lililonse mpando umapita kwa amene wapeza mavoti oposa a mnzake aliyense payekhapayekha, ngakhale atamuposa ndi voti imodzi. Njira imeneyi inachokera ku Britain, ndipo dzina lake la Chingerezi linatengedwa kumpikisano wa akavalo, chinthu chimene sichinena kanthu kwa mlimi wa chinangwa wa kwa Mabuka. M'Chichewa ingatchedwe "njira ya wotsogola atenga mpando". Mwachitsanzo chongoyerekeza, m'dera la mavoti 20,000 mutaima anthu asanu, wina angapeze 6,000, wachiwiri 5,000, wachitatu 4,000, wachinayi 3,000, wachisanu 2,000. Woyambayo ndiye phungu, chonsecho anthu 14,000 sanamufune. Mavoti 14,000 amenewo si "owonongeka". Voti yowonongeka ndi imene yachongedwa molakwika ndipo siiwerengedwa kwa aliyense. Awa anawerengedwa bwinobwino, koma sanabale mpando, ndipo dzina lowayenera ndi lomwelo: mavoti osabala mpando.

Chodabwitsa cha 1994

Pa 17 Meyi 1994, pachisankho chimene anachiyendetsa ndi bungwe lotsogozedwa ndi Justice Anastasia Msosa, United Democratic Front inapeza mavoti pafupifupi 46 pa 100 aliwonse ndi mipando 85. Malawi Congress Party mavoti pafupifupi 34 pa 100 ndi mipando 56. Alliance for Democracy mavoti 19 pa 100 ndi mipando 36. Munthu akawerengera aona kuti mipando 85 mwa 177 ndi 48 pa 100, mipando 56 ndi 32, mipando 36 ndi 20. Mipando inatsata mavoti pafupifupi ndendende, chinthu chimene njira ya wotsogola atenga mpando siichita kawirikawiri. Koma chilungamo chimenechi chinali cha mwangozi. AFORD inatenga mipando yonse 33 ya kumpoto. MCP inatenga 51 mwa 68 ya pakati. UDF inatenga 71 mwa 76 ya kumwera, ndipo ku Mulanje inasesa. Voti ya wotsatira tambala ku Mulanje siinabale kanthu, monganso voti ya wotsatira UDF ku Rumphi. Zotayika za kumwera zinabwezedwa ndi zotayika za kumpoto ndi pakati, ndipo masamu a dziko lonse anaoneka olungama. Mtengo wake unali wakuti mapu a Nyumba ya Malamulo anaonetsa zigawo zitatu za mtundu umodziumodzi, kuposa mmene anthu enieni anavotera.

Kumene ngozi yotere siinachitike, njira yomweyi inabala mavuto. Ku Lesotho m'chaka cha 1998 chipani cha Lesotho Congress for Democracy chinapeza mavoti pafupifupi 60 pa 100 koma mipando 79 mwa 80. Kunabuka zipolowe, asilikali a South Africa ndi Botswana analowa m'dzikomo, ndipo pachisankho cha 2002 dzikolo linayamba njira yosakaniza: mipando 80 ya m'madera ndi 40 yogawidwa kuti ikonze kupendekeka.

Munthu wochokera ku Mulanje safunika kupita kutali kuti aone njira ina. Akangowoloka pachipata cha Muloza wafika ku Milange, m'chigawo cha Zambezia. Kuyambira chisankho cha Okutobala 1994, dziko la Mozambique limagawa mipando 250 ya nyumba yake molingana ndi mavoti. Kumeneko dera lovotera ndi chigawo chonse, chokhala ndi mipando yambirimbiri. Chipani chilichonse chimapereka mndandanda wa mayina, ndipo wovota amachonga chipani, osati munthu. Kagawidwe kake kamatsata masamu a Victor D'Hondt, katswiri wa malamulo wa ku Belgium wa m'zaka za m'ma 1800. Mavoti a chipani chilichonse amagawidwa ndi 1, kenaka ndi 2, ndi 3, kumapitirira, ndipo mipando imaperekedwa kwa mayankho aakulu koposa kufikira itatha.

Mphunzitsi angazionetse pabolodi ndi mipando isanu ndi inayi ija ya Mulanje, poyerekeza kuti boma lonse ndi dera limodzi la mavoti 100,000. Chipani choyamba chikhale ndi 58,000, chachiwiri 26,000, chachitatu 16,000. Mayankho a choyamba ndi 58,000, 29,000, 19,333, 14,500, 11,600, 9,667 ndi 8,286; a chachiwiri ndi 26,000, 13,000 ndi 8,667; a chachitatu ndi 16,000 ndi 8,000. Akasanjidwa kuyambira lalikulu, asanu ndi anayi oyamba amathera pa 9,667. Chipani choyamba chapeza mipando 6, chachiwiri 2, chachitatu umodzi. Mavoti omwewo, atamwazikana mofanana m'madera asanu ndi anayi, akanapereka mipando yonse kwa chipani choyamba. Njira imeneyi ingatchedwe "kugawa mipando molingana ndi mavoti", ndipo mawu ake safuna kumasulira kwina. Nayonso ili ndi mtengo wake. Munthu wa ku Milange alibe phungu mmodzi amene angamuloze kuti uyu ndi wathu, ndipo amene ali pamndandanda amaopa kwambiri akuluakulu a chipani, amene amasanja mayina, kuposa ovota.

Mpando ndi wa yani

Funso limeneli lavuta dziko lino kuposa ena onse, ndipo Mulanje wakhala pakati pake. Malamulo a 1994 anali ndi gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Nyumba ya Malamulo inalifafaniza m'chaka cha 1995. Linatsala ndi gawo 65, lonena kuti phungu wosankhidwa pachipani china akachisiya nalowa chipani china cha m'Nyumbamo, Sipikala alengeze kuti mpando wake ulibe mwini. Brown Mpinganjira, phungu wa dera la pakati ku Mulanje, mmodzi mwa oyambitsa UDF, atasemphana ndi atsogoleri a chipanicho anayambitsa gulu la National Democratic Alliance m'chaka cha 2001. Chaka chomwecho gawo 65 linakulitsidwa kuti ligwirenso phungu wolowa bungwe lililonse lokhala ndi zolinga zandale, ngakhale lisali m'Nyumba. Bwalo Lalikulu linakana mbali yoonjezerayo m'chaka cha 2003, ponena kuti ikuphwanya ufulu wosonkhana. Pachisankho cha 2004 Mpinganjira anaimira Upulezidenti napeza mavoti osafika 9 pa 100, ndipo chipani chake chinapeza mipando yosafika khumi.

M'chaka cha 2005 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anachoka mu UDF nayambitsa Democratic Progressive Party, ndipo aphungu ochuluka anamutsatira, ena a iwo ochokera ku Mulanje konko. Bwalo la Apilo linagamula m'chaka cha 2007 kuti gawo 65 ndi lovomerezeka, koma ziletso za makhoti zinamanga manja a Sipikala kufikira nthawi ya Nyumbayo inatha. Pachisankho cha 2009 Mpinganjira, amene anaima monga wotsatira wa John Tembo wa MCP, anataya mpando wake kwa Kondwani Nankhumwa wa DPP. Mawu a Chingerezi a mchitidwewu amanena za kuwoloka pansi pa nyumba, chifukwa ku London boma ndi otsutsa amakhala moyang'anizana. Kuwamasulira liwu ndi liwu n'kutaya nthawi. "Kusintha chipani uli pampando" kumanena zonse. Koma ngakhale mawuwo amveke, funso limatsalabe, pakuti papepala lovotera pamakhala nkhope ya munthu pamodzi ndi chizindikiro cha chipani, ndipo palibe amene angadziwe chimene wovota anachonga mumtima mwake. Kuchuluka kwa oima paokha, amene m'chaka cha 2014 anapeza mipando 52, kuposa chipani chilichonse, kumaonetsa kuti nthawi zambiri anthu amatsata munthu. Ambiri mwa oterewa amakhala amene anagwa pachisankho cha chipulula, dzina lokoma limene anthu eni anapatsa mpikisano wa m'kati mwa chipani.

Ambiri ndi oposa theka

Tsono nkhani ibwerere kuliwu lija. M'chaka cha 1994 Bakili Muluzi anapambana ndi mavoti 47 pa 100, Dr. Banda 33, Chakufwa Chihana 19, ndipo palibe amene anapita kukhoti. M'chaka cha 1999 Muluzi anapeza mavoti oposa theka la oponyedwa, pafupifupi 2.4 miliyoni, koma olembetsa anali oposa 5 miliyoni. Gwanda Chakuamba anakadandaula kuti malamulo amafuna theka la olembetsa onse. Bwalo la Apilo m'chaka cha 2000 linakana, linati owerengedwa ndi amene avota, ndipo linapitirira kunena kuti wopambana ndi amene waposa anzake basi. Pamaziko amenewo Bingu wa Mutharika analowa m'boma m'chaka cha 2004 ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100, Peter Mutharika m'chaka cha 2014 ndi 36 pa 100, ndipo m'chaka cha 2019 analengezedwa wopambana ndi 38.6 pa 100, Lazarus Chakwera ali ndi 35.4, Saulos Chilima 20.2. Bungwe loona za malamulo linali litalangiza kale kuti Pulezidenti azipeza mavoti oposa theka, koma Nyumba ya Malamulo inakana mabilu ake mu Disembala 2017. Chimene aphungu anakana, oweruza anachipeza m'liwu limene linalimo kale. Bwalo la Apilo linavomereza pa 8 Meyi 2020, kusiya chigamulo chake cha 2000.

Pali zinthu zitatu zimene liwu lakuti "ambiri" limaphimba: oposa a wina aliyense, oposa theka la mavoti oponyedwa, ndi oposa theka la olembetsa. Mlembi wa Chichewa ali ndi mawu okwanira onse atatu, ndipo alibe chifukwa chobisalira m'liwu limodzi. Nawonso mawu ofala akuti "50+1" ayenera kusamalidwa, chifukwa ambiri amawamva ngati 51 pa 100. Pamavoti 5,000,000, theka ndi voti imodzi ndi 2,500,001, pamene 51 pa 100 ndi 2,550,000. Kusiyana kwake ndi mavoti pafupifupi 50,000, okwanira kusintha mwini wa mpando. Kulemba kuti "mavoti oposa theka" kumatseka khomo la chisokonezocho.

Lamulo la oposa theka limakhudza Pulezidenti yekha. Pa 16 Sepitembala 2025 wovota wa ku Mulanje analandira mapepala atatu, monga zakhalira pachisankho cha patatu kuyambira 2014, koma mapepalawo ankayendera malamulo awiri: la phungu ndi la khansala wotsogola atenga mpando, la Pulezidenti oposa theka.

Latsala liwu limodzi limene likusenza katundu woposa msinkhu wake, lakuti "chibwereza". Nyuzi zimati chisankho chachibwereza phungu akamwalira ndipo anthu akusankha wina. Zinatinso chachibwereza pa 23 Juni 2020, pamene Chakwera anapambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100 khoti litafafaniza chisankho choyamba. Ndipo zimatinso chachibwereza ponena za mpikisano wa anthu awiri otsogola pamene palibe waposa theka. Choyambacho sichibwereza kanthu, chimangodzaza mpando wopanda mwini, ndipo dzina lakuti "chisankho chapadera", limene ena amagwiritsa kale ntchito, likuchiyenera. Chachiwiricho ndicho chibwereza chenicheni, pakuti choyamba chinafafanizidwa. Chachitatucho ndi kupitiriza chisankho chimene sichinalakwike koma sichinathe, ndipo chingatchedwe "ndime yachiwiri", monga amanenera alimi ndi osewera mpira. Ndime yachiwiri yotereyi siinachitikepo m'dziko lino: m'chaka cha 2020 wopambana anaposa theka pandime yoyamba, ndipo m'chaka cha 2025 Peter Mutharika anapeza mavoti 56.8 pa 100, Chakwera 33.